Tsiku limene ndinabereka dzungu

Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma m'komiti ya chipatala chathu chaching'ono, kuseri kwa Nsaru kuno, ndakhalamo mpaka imvi. Anandisankha chifukwa cha pakamwa. Akuti munthu wolongolola ngati ine ndi bwino azilongolola ali mkati kusiyana n'kumusiya panja.

Pachipatalapo pali namwino wina wochepa thupi, woyenda ngati wasiya ndiwo pamoto. Ife timangoti anesi. Iwowa anapita kumaphunziro ku tauni n'kubwerako ndi nkhani yoti mwana wobadwa masiku asanakwane asamangokulungidwa m'mabulangete n'kugonekedwa payekha. Azimangiriridwa pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhudza khungu, kuti azimva kutentha. Akuti ofufuza anayesa, anaona kuti ana otere amapulumuka. Chimene anesi ankapempha n'chipinda chimodzi basi, choti mayi azikhalamo atavula malaya popanda ife amuna a malungo kumusuzumira.

Chipindacho chinalipo, koma munali mtedza. Mkulu wa chipatala, amene timawatcha adokotala, ndi mlimi wadzaoneni, ndipo matumba awo anafika kudenga. Anesi akapempha, iwo ankati, "Tiona ndikagulitsa." Akagulitsa ankaikamo soya.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti alendo akubwera kudzayeza ngati anamwino amathandizidwa pantchito kuti azitsata zimene kafukufuku wapeza. Ine ndinakweza dzanja m'komiti.

"Kodi thandizolo adzaliika pasikelo iti? Ikakhala ya mavenda a pa Nsaru, tapepuka kale."

"Agogo, takhalani chete," anatero adokotala. "Adzafunsa anesi mafunso, kenako adzayendera zipinda."

Atangotchula zipinda, anakumbukira mtedza uja.

Kwathu kuno mlendo saonetsedwa umphawi. Ngakhale mwagona ndi njala, akafunsa mumati tili bwino, n'kuzemba kuseri kukabwereka nkhuku. Ndiye dzulo lake la alendo, komiti yonse inavula majekete. Matumba tinakweza pangolo, ulendo kunyumba kwanga, poti ndi ine ndili pafupi. Makoswe anatuluka ndi mabanja awo, onenepa ngati ana a mabwana. Bedi tinabwereka kwa abusa, katani kwa amayi a mvano.

"Musadandaule agogo, mlendo ndi mame," anandinong'oneza adokotala. "Mawa madzulo matumba abwerera."

Anesi anamva. Anangopitiriza kukolopa, koma mopu ija inkalira.

M'mawa mwake panapezeka vuto. Chipinda chili mbee, koma mayi woti tionetse palibe. Adokotala anati chipinda chopanda munthu chikuoneka bodza. Anesi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Abambo nawonso amabereka njira imeneyi. Agogo, vulani shati."

Chidole panalibe, ndiye tinatenga dzungu la m'munda mwanga, n'kuliveka kachipewa koluka. Anesi anandimanga nalo pachifuwa ndi chitenje cha mayi akunyumba kwanga, amene anabwera dala kudzaonerera. Anaima pawindo atagwira m'chiuno.

"Ana onse aja ndinabereka ndekha, inu muli kubawo. Lero mwakalamba ndiye mwapeza wanu, eti?"

"Wanga saliralira ngati anu aja," ndinatero.

Alendo anali amayi awiri. Anatipeza ine ndili khale pabedi la abusa, nthiti zili pamtunda, ndikusisita dzungu. Wamkuluyo anadziluma mlomo n'kutembenukira kwa anesi. Adokotala anaima pakhomo, akumwetulira ngati mkwati.

"Kodi akuluakulu anu amakupatsani malo ochitira zimene mwaphunzira?" mlendoyo anafunsa anesi.

"Amandipatsa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira dzulo."

Kumwetulira kuja kunauma. Mlendo anakoka mpweya ndi mphuno, n'kuwerama, n'kutola khoko la mtedza pansi pa bedi. Analiyang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Nanga agogo, mwanayu akupeza bwanji?"

"Thupi ali nalo, mayi, koma kuyamwa akukana."

Mnzakeyo anathawira panja kukaseka. Ali konko tinamva ngolo ikulowa mothamanga, ng'ombe zili wefuwefu. Munali mtsikana wa kumudzi wa kutsidya kwa dambo, wachirira panjira, masiku asanakwane. Apongozi ake anatsika atanyamula kamwana m'nsalu, kochepa kuposa dzungu langa, kakulira ngati kamphaka.

Sindinaonepo anesi othamanga chotero. Anakoka mfundo ya chitenje kumsana kwanga, dzungu linagwa, linagubuduka mpaka kukaima pansapato za adokotala, chipewa chili kumutu. Amuna tonse anatikankhira panja, ine shati ili m'manja. Katani inatsekedwa. Patapita nthawi anesi anatuluka akupukuta manja n'kunena kuti mwana wamangidwa pachifuwa pa mayi ake, watenthedwa, ndipo wayamba kuyamwa. Ndinamva kansanje pang'ono.

Alendo anakhala ndi anesi paokha pansi pa mtengo wa mango nthawi yaitali, atauza adokotala kuti apite akaone odwala. Zimene analemba sindikudziwa. Anesi amangoti anawauza zonse, mpaka soya.

Madzulo ake adokotala anandipeza pakhonde.

"Agogo, matumba aja."

"Ngolo ilipo. Pitani mukamuuze mayiyo asunthe."

Anapitadi mpaka pakhomo. Anapeza apongozi aja atayala mphasa pakhomo penipeni, miyendo atatambasula, ndipo amayi a mvano atazungulira akuimba chapansipansi. Adokotala anapereka moni mwaulemu kwambiri, anafunsa za mwana, n'kubwerera ngati anangodutsa.

Anati adikira mtsikanayo atuluke. Koma anesi anali atatumiza kale mawu m'midzi kuti chipinda chilipo. Mtsikana uja asanamange katundu, wina anali atafika. Uyo asanatuluke, winanso. Abusa anatumiza munthu kudzatenga bedi, anamva mmene zilili, Lamulungu lake analengeza m'tchalitchi kuti alipereka ndi mtima wonse, nkhope ili ngati amwa mankhwala a malungo. Adokotala anamanga kashedi ka matumba kwawo. Masiku ano alendo akabwera, ndi iwo amayamba kutsegula chipindacho n'kumati, "Ichi tinachiganizira kalekale." Anesi amangokolopa.

Makoswe okha ndi amene sanabwerere. Anatsatira matumba kwanga, matumba atachoka iwo anatsala, ndipo mayi akunyumba amati ndi abale a mwana wanga.

Dzungulo mayi akunyumba analiphika tsiku lomwe lija la alendo. Ine ndinakana, ndinati munthu sadya mwana amene wamubereka yekha. Ndinakhala kumbali n'kumawayang'ana akudya ndi adzukulu. Atandiikira kachidutswa pambale, ndinaona kuti kulira maliro ndi njala si bwino. Linali lotsekemera, lotengera bambo ake.