Mtengo Umene Ndinaufufuta ndi Malovu

Sileti ija ndikadali nayo, zibenthu zonse ziwiri, ndinazikulunga m'kansalu pansi pa sutikesi. Mukazigundanitsa zimalumikizana bwinobwino, kungotsala kamzere kokhotakhota ngati mng'alu wa chidendene. Anatigulira ndi amalume kusitolo ya Mmwenye m'tauni, nthawi imeneyo Lichinga tikuitchula kuti Vila Cabral. Anabwera nayo imodzi, pamene ana a sukulu pakhomo tinali awiri. Anaiika pamwala, n'kuikanda ndi msomali pakati, kenaka n'kuithyola pabondo, thyo! Chibenthu chachikulu anapatsa achimwene, chaching'ono ine. Ndinalira mpaka madzulo. Ndinali mwana wanjiru, ndinene poyera, ndipo njiruyo sinandithere msanga.

Achimwene ankandiposa ndi zaka zisanu, koma tinali kalasi imodzi. Anayamba sukulu mochedwa chifukwa bambo atapita kukagwira ntchito kutali osabwerako, khasu lawo linagwera iwowo. Chaka chimenecho anali atatalika, mawu atayamba kukula, ndipo mayi akawaona akuwerama polowa pakhomo ankapumira m'mwamba. Utali unali tsoka masiku amenewo. Asipayi, apolisi a boma aja, akabwera kudzatenga amuna a chibalo, ntchito yokakamiza ija, sankafunsa zaka, ankangoyang'ana mapewa. Mnyamata amene dzina lake linali m'buku la sukulu ya mishoni ankamusiya. Amene munalibe dzina lake ankamumanga chingwe m'chiuno. Amalume sanagule sileti chifukwa chokonda maphunziro, ayi. Ankagula mpanda.

Sukulu yathu inali m'mbali mwa njira yopita ku Lione, kanyumba ka udzu kopanda zitseko. Nyengo imene ndikukamba ndi ya chisanu, chija cha kwathu kuno choluma mpaka m'mano. Tinkafika nkhungu isanachoke, mapazi ali dzanzi, zovala zikununkha utsi. Tinkakhala pazipika, sileti pabondo, zala zikukanika kugwira cholembera. Aphunzitsi anali munthu wakuda ngati ife tomwe, wowonda, wa jekete imodzi yotuwa m'zigongono. Chinyanja ndi Chiyao ankazidziwa bwino, koma m'kalasi ankayankhula Chipwitikizi chokhachokha. Anali ndi kope lakale lachikuto chofiira limene anakopera mafunso ndi mayankho ake ali pa maphunziro. Kope limenelo silinkalakwa. Likanena kuti mbuzi ili ndi miyendo itatu, ife tinkayenera kukaudula wachinayiwo.

Ndiye panali mwambo wawo wa masamu. Akalemba funso pabolodi, tonse tinkawerengera, kenaka n'kukweza masileti m'mwamba. Wokhoza ankapatsidwa mbalamatodya, chimtengo chija chophwatalala chokhala ndi mabowo kumutu, kuti amenye nayo m'manja onse olakwa. Ukamenya monyengerera, aphunzitsi ankakulanda n'kukuonetsa pa dzanja lako lomwe mmene amamenyera. M'chisanu, dzanja lozizira likalandira chimenecho, umamva ngati wagwira khala la moto. Anthu amati ndodo imaphunzitsa. Bodza! Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo ndikudziwa chimene ndodo imaphunzitsa: kuyang'ana nkhope ya woigwira.

Masamu enieni ndinaphunzira kwa achimwene, kudimba la kachewere. Tikamaliza kuthirira ankasalaza dothi ndi chikhatho n'kutulutsa nyemba m'thumba. Funso lililonse ankalisandutsa chinthu chogwirika. Likanena za matumba, nyemba zinkakhala matumba. Likanena za anthu, nyemba zinkakhala anthu, n'kumaziyendetsa ndi chala. Ndikathamangira kuyankha ankandigwira dzanja.

"Usayambe ndi nambala, iwe. Yamba waona chinthucho."

Mawu awo anali amenewo, tsiku ndi tsiku, mpaka ankanditopetsa. Koma mutu wanga unatseguka. Ndinayamba kubisa nyemba pachilolo cha nsalu yanga, ndipo m'kalasi ndinkaziyala pansi pakati pa mapazi. Posakhalitsa mbalamatodya inayamba kubwera m'manja mwanga kawirikawiri. Ndinkanyada, kalanga ine. Kamtsikana kochepetsetsa m'kalasi, anyamata akuluakulu akukatambasulira manja! Achimwene nawo ankakhoza, kungoti ankachedwa, ndipo akafunsidwa kuti afotokoze m'Chipwitikizi lilime linkawalemera.

Panalinso chinthu china chimene ndinaphunzira ndekha, chimene achimwene sanandiphunzitse. Ndinazindikira kuti aphunzitsi akamayenda pakati pathu, akaona yankho logwirizana ndi kope lawo ankakhosomola pang'ono. Akaona losiyana ankatulutsa mpweya m'mphuno, fu. Palibe wina anazindikira zimenezi. Ndinazisunga ngati chuma.

Chapakati pa chisanu aphunzitsi analengeza kuti mayeso aakulu ayandikira, ndipo wansembe wa ku mishoni safuna kuchititsidwa manyazi. Lachisanu kudzakhala kuyesa. Anyamata akuluakulu amene adzalephere, mayina awo adzachotsedwa m'buku, chifukwa sukulu si pobisalira. Titawauza mayi, anasiya kupeta nyemba. Kenaka anandiyang'ana ine, osati achimwene, n'kunena kuti, "Mukakhale pamodzi. Wamva?" Ndinavomera, mutu uli kwina. Ndinkaganiza za mbalamatodya.

Lachisanulo kunacha ndi mphepo. Mafunso awiri oyamba tinakhoza tonse, ine ndi achimwene. Pa anyamata akuluakulu, aphunzitsi anali atanena kuti wolakwa ngakhale limodzi wapita. Funso lachitatu linali lotere: msewu ndi wotalika mamita makumi awiri, ndipo munthu akubzala mitengo kuyambira poyambira mpaka pothera, mtengo umodzi pa mamita awiri aliwonse. Mitengo ndi ingati?

Ndinaona achimwene akumwetulira, chinthu chosowa m'kalasi muja. Ntchito imeneyo ankaidziwa. M'dzinja tinkapita kukabzala mitengo ya paini kumunda wa mishoni, ndipo iwo ndi amene ankagwira chingwe cha mfundo choyezera mizere. Ine ndinayala nyemba zanga pansi: imodzi poyambira, ina patsogolo, ina patsogolo, mpaka pothera. Mipata inali khumi. Nyemba zinali khumi ndi imodzi. Ndinawerenga kawiri. Ndinalemba 11, ndipo nditasuzumira pachibenthu chachikulu ndinaonanso 11.

Aphunzitsi anayamba kuyenda. Anaima pa mwana wa katekisiti, amene anangogawa makumi awiri ndi ziwiri monga tinkachitira sabata yonseyo n'kulemba 10. Anakhosomola. Anafika pa ine, n'kutulutsa mpweya m'mphuno. Fu.

Atangodutsa, ndinalavulira pachala, n'kufufuta 1 wakumapeto, n'kulembapo 0. Malovu anali ofunda pasileti yozizira, ndimakumbukira zimenezo mpaka lero. Achimwene anali pambali panga, phewa lawo likukhudza langa. Kungowagunda ndi chigongono kukanakwana. Sindinawagunde. Ndadzifunsa zaka zonsezi chifukwa chake. Nthawi inalipo. Mantha analipo, inde, koma si mantha okha. Kamtima kena kankafuna kuti kamodzi kokha kachibenthu kakang'ono kapose chachikulu.

Tinakweza masileti. Aphunzitsi anatsegula kope lofiira n'kuwerenga: "Dez." Khumi. Anaima kutsogolo kwa achimwene n'kuwauza kuti ayang'ane sileti ya mlongo wawo, akonze. Ndikamaganiza tsopano, ndimaona kuti unali mwayi umene ankawapatsa, ndipo sankapatsa aliyense mwayi wotero. Achimwene anayang'ana sileti yanga, pamene malovu anali asanaume. Anayang'ana nyemba zili ndandanda pakati pa mapazi anga. Kenaka anaimirira n'kuyankhula m'Chinyanja, m'kalasi mmene Chinyanja chinali mlandu.

"Aphunzitsi, tiyeni panja ndi chingwe. Ndikabzale muone."

Aphunzitsi anatembenukira kwa ine n'kundifunsa kuti mitengo ndi ingati. Ndinaponda nyemba zija ndi phazi.

"Dez, senhor professor."

Anandipatsa mbalamatodya. Olakwa anali asanu ndi awiri, ndipo achimwene anali omaliza. Anatambasula dzanja lija lokakala ndi khasu, lomwe linkasalaza dothi kudimba. Ndinazengereza. Anawerama pang'ono n'kunong'ona, milomo osaigwedeza kwenikweni: "Menya zenizeni." Ndinaganiza kuti akundinyoza, akundiyesa wopanda mphamvu. Ndinapsa mtima, n'kumenya ndi mphamvu zanga zonse, kasanu. Sanalire. Aphunzitsi anatenga buku la mayina n'kukoka mzere umodzi ndi inki.

Kunyumba achimwene anangoti alephera. Za malovu sananene, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Amalume anawakalipira kuti ndi mbuli yamakani, yotaya mpanda ndi manja ake. Mayi sanakalipe. Anayamba kukazinga chimanga chambiri n'kumachisunga m'kathumba, ndipo ine ndinkadabwa kuti n'cha yani.

Sipanathe milungu itatu. Asipayi anawapeza achimwene m'mawa kudimba, ndowa ili m'manja. Ine ndinali kusukulu. Pobwerera ndinapeza ndowa itagubuduzika pamzere wa kachewere, mayi atakhala pansi pakhonde miyendo atatambasula ngati pamaliro. Achimwene anawatengera kukakumba msewu kutali, kumene anthu ankagona pamtetete m'chisanu chomwecho. Anabwerako mvula itayamba, atatsala mafupa, akutsokomola. Chaka chotsatira, chimanga chisanache, tinawaika.

Aphunzitsi ndinawada zaka zambiri. Nditakula n'kuima ndekha kutsogolo kwa ana, ndinayamba kuwaona mwina. Ankadziwa kuti mitengo ndi khumi ndi umodzi, sindikayika, chifukwa nawonso ankaima nafe kumunda wa paini. Koma akanatuluka panja ndi chingwe, kope likanagwa, ndipo pansi pa kopelo panalibe china chowagwira. Jekete ija ndi imene inkawatchinjiriza iwonso kwa asipayi. Sindikuwakhululukira, ndikungonena. Ana anga a sukulu onse ndinkawatulutsa panja ndi nyemba ndi chingwe, ndipo akulu ena ankandiseka kuti ndikuseweretsa ana m'dothi. Ndinkangowasiya aseke.

Koma zonsezi n'za munthu wamkulu. Mwana uja sankadziwa kanthu. Madzulo a Lachisanu lomwe lija, achimwene anandiitana kuseri kwa nkhokwe, dzanja litatupa ngati chinangwa chophika. Anandipatsa chibenthu chawo chachikulu, 11 akadalipo osafufuta, n'kunena kuti, "Tenga. Nyemba zija usazisiye." Ndinachilandira ndi manja awiri, n'kuchigundanitsa ndi changa, ndipo zinalumikizana. Sindinamve kuti "menya zenizeni" ankanena poopa kuti aphunzitsi angandilande mbalamatodya n'kuitembenuzira pa dzanja langa. Sindinamve kuti akunditsanzika. Ndinathamanga kukawaonetsa mayi, ndikudumphadumpha, kuti tsopano ndili ndi sileti yathunthu.