Mpongozi Wanga wa Zaka Ziwiri

Amene anayamba kundiuza anali alamu anga, ang'ono awo a bambo a kwathu, omwe ankayendetsa lole ya a gemu, olondera nyama zakutchire, ku Thazima. Anandipeza pabwalo la sukulu tikuyeserera magule a chikondwerero cha mu Julaye, tonse titavala nsalu ya chipani. Sanayandikire ng'oma. Anaima patali, chipewa chili m'manja, n'kutuma mayi wina kuti andiitane. Kunkazizira kwambiri tsiku limenelo, ndipo mwamuna savula chipewa mumphepo yotero popanda chifukwa.

"Alamu," anatero, "tatsika nawo anthu anu aja kuchokera kuphiri. Onse atatu ali kuchipatala ku boma. Bambo atsitsimuka, koma mayi sakudzuka."

"Nanga mwana?"

Anangopinda chipewa chija, n'kuchipindanso. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, ng'oma zikulirabe kumbuyo kwanga.

Ndinene kaye kuti anthuwa anali ndani. Linali banja lochokera ku Chikwawa. Bamboyo anatumizidwa kuno kudzagwira ntchito yolondera nyama pamodzi ndi bambo a kwathu, zaka za m'ma 1980 zikungoyamba, ndipo nyumba zathu zinayang'anizana. Mayiyo anafika atavala deresi lopyapyala, opanda juzi, mano akugundana. Ndinamubwereka bulangete, iye n'kundibwezera ndi Chichewa. Ine wa ku Hewe, sukulu ndinalekezera pulayimale, Chichewa changa chinali cha m'kalasi chokha. Chimene ndikulemba panochi, chambiri ndinachitola pakamwa pake tikusinja.

Atabereka mwana wamkazi, ine ndinali kale ndi wamwamuna wa zaka ziwiri. Tsiku loyamba kumunyamula ndinati, "Eya, mwandiberekera mpongozi."

"Ng'ombe zili kuti?" anatero. "Si paja kwanu kuno mkazi mumalowola ndi ng'ombe? Wanga uyu ndi wa khola lonse."

"Khola lonse kamunthu kopanda mano?"

"Mano abwera, asewere. Mtengo udzakweranso."

Kuyambira pamenepo sitinaitananenso mwanjira ina. Iye asewere, ine asewere, monga amaitanirana makolo amene ana awo akwatirana. Ngakhale apongozi anga aamuna ku Hewe nthabwalayo inawafika, moti akabwera kudzationa ankanyamula nzimbe, amvekere, "Iyi ndi ya mkazi wa mdzukulu wanga, enanu musakhudze."

Chaka chilichonse mvula ikatha, amuna ankakwera pa Nyika kukalambula njira zotchinga moto, ndipo ankagona komweko. Bwana wawo anali munthu wachifundo, ankalola akazi ndi ana kupita nawo masiku angapo. Tchuthi chathu chinali chimenecho, china sitinkachidziwa. Tinkakwera lole ndi ufa, nyemba, mapoto, mphasa ndi mbaula. Kumtundako kulibe wokuitana kumsonkhano, kulibe wokufunsa khadi la chipani. Kuli udzu wokhawokha mpaka pomwe maso alekezera, ndi mbidzi zikudya ngati abulu a munthu.

Tinkagona mu tenti yakale ya boma, mabanja onse awiri, chitenje chitapachikidwa pakati. Tenti imeneyo tinkaitukwana tsiku ndi tsiku. Inali yong'ambika m'makona, khomo lake lomanga ndi zingwe, pansi mphepo ikungodutsa. Asewere ankati, "Ichi si chogonamo, ndi sefa." Ndiye madzulo tinkalowetsa mbaula, makala atafiira, n'kuiika pakati. Tinkachita zimenezi chaka ndi chaka, monganso kumudzi timagona ndi moto m'nyumba yaudzu kukazizira. Palibe anadwalapo.

Mpongozi wanga anaphunzirira kuyenda kumeneko. Ankagwira chingwe cha tenti, n'kuchisiya, n'kugwa chagada mu udzu, n'kuseka. Atangodziwa kuyenda sankakhazikikanso, moti mayi ake ankamumangirira nsalu m'chiuno, mbali ina n'kuimanga pa mkono wawo pophika, kuopa kuti nkhungu ikatsika angasowe. Mbidzi iye ankaziitana ngati nkhuku, kadzanja kali m'mwamba, akuti zibwere zidzadye. Mwana wanga ankamubisira mbatata yootcha m'thumba la kabudula, ife n'kumati, "Taonani, wayamba kale kusamala banja."

Ulendo umenewo tinakumana ndi azungu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, nawonso ali ndi kamwana. Anamanga tenti yawo chapafupi. Anawo ankasewera limodzi osamvana chinenero. Azunguwo anauza amuna athu kuti kwawo ku Ulaya mabanja amaika tenti m'galimoto pa tchuthi, n'kumayenda dziko ndi dziko, kulipira ndalama kuti agone panja. Bambo a kwathu anaseka mpaka kutsokomola. "Nyumba yamalata ali nayo, bedi ali nalo, koma akulipira kuti agone ngati ife!" Pochoka, azunguwo anati tentiyo ndi yolemera kukwera nayo ndege, ndipo anaisiyira bambo a mpongozi wanga. Anapereka ndi mtima wabwino. Mpaka lero sindiwaimba mlandu, ndipo ndimapempha Mulungu kuti asadzamve zimene zinachitika.

Inali tenti yokongola, yabuluu, ya zipinda ziwiri. Pansi pake panali posokerera kumodzi ndi makoma, khomo lake la zipi. Ukatseka, ngakhale nyerere sinkalowa. Tinaimanga kuseri kwa nyumba ku Thazima kuti tiione, ndipo asewere analowamo n'kuvina. "Chaka chamawa tikagona ngati mabwana," anatero. "Chipinda ichi chathu, icho chanu. Mukabwere ndi ng'ombe zija."

Chaka chamawacho ine sindinapite. Amayi otsogolera magule anati aliyense wolembedwa asajombe, okhululukidwa ndi oyamwitsa okha, ndipo masiku amenewo mawu otero sunkawayankha. Bambo a kwathu nawo anawasiya kuti alondere pachipata cha Thazima. Asewere anali akuyamwitsabe, choncho anakwera lole. Ndinawapatsira nyemba ndi kachipewa kaubweya komwe ndinalukira mwanayo. Lole ikunyamuka anakuwa kuti, "Vinani bwino, asewere! Chipinda chanu tikaikamo mapoto!"

Kumtundako anachita monga tinkachitira nthawi zonse. Analowetsa mbaula, n'kutseka zipi. M'mawa anzawo a ntchito ataona kuti dzuwa lakwera koma sakutuluka, anatsegula.

Kuchipatala namwino wina wachikulire anandikhazika pabenchi n'kundifotokozera. Anati makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, ndipo pamalo potsekeka umagonetsa munthu osadzukanso, kuyambira wamng'ono. Ndinati, "Mama, ife takhala tikugona ndi mbaula zaka zonsezi." Anandifunsa za tenti yakaleyo, ndinamuuza. Anapukusa mutu. "Ndiye mabowo amenewo ndi amene ankakusungani."

Bambo a mwanayo anali atakhala pabedi, maso ali gwa, sakulira. Asewere anali m'chipinda cha amayi, akupuma koma osamva kanthu. Ndinawagwira dzanja, ndinawaitana, ndinawatsina. Deresi lawo linali litanyowa pachifuwa ndi mkaka.

Apa ndi pomwe panali nkhani. Masiku amenewo thupi silinkasungika nthawi yaitali, ndipo la mwana amaika msanga. Ku Chikwawa kunali kutali, uthenga wa telegalamu unali utapita koma palibe akanafika. Ine mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: mayiyu adzuke aone nkhope ya mwana wake asanamukwirire. Anagona naye ali wamoyo, akumuyamwitsa. Akadzuka n'kupeza dothi lokha, adzakhulupirira bwanji?

Amuna anakhala pansi pa mtengo kunja kwa chipatala kukambirana za manda. Ena anati aikidwe ku boma komweko, kumanda a alendo. Apongozi anga aamuna anali atafika pa njinga kuchokera ku Hewe. Anamvetsera onse, kenako anati, "Mlendo ndani? Mwana uyu ndakhala ndikumupatsa nzimbe ngati mkazi wa mdzukulu wanga. Kwathu mkazi amagona kumanda a kwa mwamuna wake. Apita ku Hewe."

Wina anati, "Adada, zija zinali nthabwala."

"Ine sindinkaseka," anatero.

Bambo a mwanayo apo ndi pomwe analira. Anagwada, Chitumbuka chawo chinali chochepa, anangothokoza kuti, "Yewo, adada. Yewo chomene."

Ine mkazi sindinkayenera kulankhula pabwalo la amuna, koma ndinagwada chapatali n'kupempha. "Adada, tidikireko. Mwina mayi ake adzuka." Apongozi anati, "Kukuzizira, tingathe kudikira mpaka mawa. Kupitirira apo tikhala tikumulakwira mwanayo."

Ndinabwerera pambali pa bedi la asewere. Sindinapemphepo chinthu kwa Mulungu ngati mmene ndinapemphera tsiku limenelo. Sindinapemphe zambiri. Ndinati, Ambuye, mwanayo mwatenga, sindikutsutsani, koma mayiyu mutsegulireni maso ngakhale kanthawi kophika tiyi. Ndinawapukuta nkhope ndi madzi ozizira. Ndinawauza m'khutu kuti ng'ombe zafika, adzuke adzawerenge. Amayi a pabedi loyandikana anandithandiza kuimba. Kunja kunada, kunacha, dzuwa linakwera. Alamu anga anabwera pakhomo, chipewa chili m'manja, n'kuti lole yadikira mokwanira.

Mwanayo tinamusambitsa ine ndi amayi awiri achikulire a kumpingo. Ndinamuveka deresi lake la Sabata ndi kachipewa kaja. Ndinamuyang'anitsitsa dala, chipumi, timakutu, kachipsera ka pachibwano komwe anagwera pa mtondo, kuti mayi ake akadzandifunsa ndidzakhale ndi choyankha. Anthu a ku Hewe anabwera ambiri, ena osamudziwa n'komwe. Mwana wanga anafunsa chifukwa chake tikumuika m'bokosi. Anamuyankha ndi agogo ake.

Asewere anadzuka tsiku lotsatira, chakumasana, ine nditangobwerera. Anayang'ana denga, n'kuyang'ana ine. Mawu awo anali ngati a munthu wochokera kutali.

"Asewere, mwabwera? Magule atha?"

"Atha."

"Mutu ukundipweteka." Anagwira pachifuwa pawo. "Mwanayu sanayamwe. Ali ndi ndani?"

Mwambo wake, nkhani yotere amanena ndi akuluakulu, ndipo tinapangana kuti tidikire amayi a kumpingo. Koma anandigwira dzanja n'kufunsanso, ndipo munthu amene wakuphunzitsa chinenero sungamunamize m'chinenero chomwecho. Ndinawauza. Sanakuwe. Anati, "Ndipatseni ndimuone." Ndinati tinaika dzulo. Anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku lonselo sanandilankhulenso.

Atapeza mphamvu tinapita nawo ku Hewe. Anakhala pansi pambali pa kamtumbirako, n'kuyamba kundifunsa. Anavala chiyani? Munamusambitsa ndi madzi ofunda? Nkhope inali bwanji, inatupa? Ndinayankha chimodzichimodzi, zonse zimene ndinasunga. Ndinati anali ngati wagona, pakamwa patatseguka pang'ono monga ankachitira akakhuta. Anamvetsera, n'kuti, "Mwina." Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero, koma sindiwadandaula. Maso anga sakanalowa m'malo mwa maso awo.

Sanakhalitsenso kuno. Bamboyo anapempha kuti abwerere kumwera, ndipo anamulola. Mpweya uja unawasiyira asewere vuto la kuiwala. Pamene tinkalongedza katundu wawo, kawiri konse anandifunsa kuti mwana ali ndi ndani, ndipo kawiri konse ndinayenera kuwauzanso, iwo n'kulira ngati akumva koyamba. Bamboyo anandiuza kuti kunyumba zimachitikanso, ndipo amene amawauza ndi iye. Zimene ananyamula mwamuna ameneyo, Mulungu yekha ndiye akudziwa.

Tinkalemberana makalata kwa zaka zingapo, kenako anasamukanso ndipo tinatayana. Sindikudziwa ngati anaberekanso, kapena ngati ali moyo. Ndikuthokoza Mulungu kuti anandipatsa mnzanga wotero, ndiponso kuti anandipatsa apongozi amene sanalole mwana wa alendo kugona yekha. Mandawo timalambula pamodzi ndi a abale athu, ndipo adzukulu anga amadziwa kuti pamenepo pagona wa kwathu.

Inu amene mwawerenga, sindinatchule maina, koma Mulungu akuwadziwa. Mukamapemphera, ikanimo banja limeneli: bambo amene ankanena nkhani imodzi mobwerezabwereza kwa mkazi wake, ndi mayi amene sanaone nkhope ya mwana wake. Ngati muli a ku Chikwawa ndipo nkhaniyi mukuizindikira, kawauzeni kuti mwana wawo ali pakati pa anthu, ndipo asewere awo a ku Hewe akadawakumbukabe. Chonde, musawaiwale.