Mapoto Odzola Mafuta

Apongozi ake aamuna a Eness, ku Ingezi m'dziko la Zimbabwe, amakonda mapoto achitsulo kuposa anthu. Kale anali khukhi pa famu ina ku Chegutu, ndipo chilandidwireni mafamu amazungulira pa njinga kutola mapoto amiyendo itatu ndi ziwaya zomwe azungu anasiya. Zadzaza khonde lonse, moti Eness amapunthwapo tsiku ndi tsiku. Kuphikiramo salola. Akangomuona wanyamula sopo ndi mchenga, amakuwa: "Mayi, chitsulo sachikwecha, amachidzoza!"

Chaka chimene m'masitolo munangotsala mashelefu, Eness anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kupeza kabotolo kamodzi ka mafuta ophikira. Anakabisa m'dengu la zovala, n'kupita kukathyola masamba. Pobwera anapeza mkuluyo ali pakhonde, kasanza kali m'manja, mapoto onse akuchita kunyezimira. M'botolo munalibe ndi dontho lomwe.

"Bambo, nanga ndiwo za ana nditani nazo?"

"Mvula yayandikira, mayi. Dzimbiri silidikira."

Madzulo Eness anawapatsa sadza, nsima ya kumeneko, ndi masamba ongowiritsa, pambali n'kuwaikira chiwaya chonyezimira kuposa zonse.

"Mafuta ali m'menemo, bambo. Muzisunsa."