Chimanga Chokunkha ndi Bulauzi ya Amayi

Anthu akandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira kulowa m'tchalitchi cha pakomboni, ndimawauza kuti akafunse mkulu wa mpingo. Kupemphera sindinasiye ayi, koma mtima ukundiwawabe ndipo sindibisa.

Tinabadwira papulazi ina kufupi ndi Selous. Agogo anachokera ku Malawi kalekale, ife kumudzi sitikudziwa, kwathu ndi pakomboni pomwepo. Pulazi itagawidwa, ntchito yokhazikika inatha, tinatsala ndi maganyu, amene kuno timati maricho. Munda tinalibe. Amayi anali amasiye, ndipo chuma chawo chonse chinali bulauzi yoyera ndi duku la amayi a mpingo, aja amakumana Lachinayi. Mayi wa gulu limenelo akamwalira amaikidwa atavala zimenezo. Amayi ankandiuza kawirikawiri kuti, "Bokosi kaya likhale la mapulanga otola, mwana wanga, koma udzandiveke bulauzi yanga."

Chikhalire papulazipo panali mwambo wokunkha. Makina akamaliza kukolola, amayi a pakomboni ankalowa m'munda kutola zitsononkho zotsala pansi. Palibe ankati ndi kuba. Chaka chimene mvula inadula, ufa utakwera mtengo mwamisala, kapitawo analengeza kuti kukunkha kwatha, zotsala zonse zidyedwe ndi ng'ombe za bwana. Bwanayo ankakhala ku Harare, sindikhulupirira kuti ankadziwa n'komwe za zitsononkho. Kapitawoyo ndiye mkulu wa mpingo wathu. Munthu wobadwira pakomboni ngati ife, wokula ndi phala la chimanga chokunkha amayi ake.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala sekuru wina, bambo wokalamba wa ku Mozambiki, wopanda mwana, wopanda m'bale, miyendo itatupa. Ankamudyetsa ndi amayi. Ufa utatha, amayi anadikira ng'ombe zidye kaye, kenako analowa m'munda masana, aliyense akuona, n'kumatola zimene ng'ombe zinapondera m'dothi. Ankazitsuka, kuziyanika, kuzitonola. Sekuru uja anadya, nafenso tinadya.

Kenako linafika Lamulungu la masika, tsiku limene aliyense amabweretsa kutchalitchi gawo la zimene wapeza chaka chimenecho. Ine ndinawaletsa. Ndinati, "Amayi, ingopitani chimanjamanja, Mulungu akudziwa kuti mulibe munda." Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati munthu sungadye wekha zimene Mulungu wakupatsa, ngakhale wazitola m'ndowe. Anadzaza beseni, anasenza.

Ena anabweretsa maungu, wina nkhuku yowonda. Amayi atatula beseni lawo kutsogolo, mkulu uja anaimirira, anatapa chimanga m'dzanja, n'kufunsa pamaso pa mpingo wonse kuti, "Mayi, kodi munda wanu uli kuti?"

Amayi anayankha kuti, "Ndakunkha, abambo. Ng'ombe zinali zitadya kale."

Sabata yomweyo akuluakulu a mpingo anagamula kuti amayi aba, ndipo aipitsa guwa ndi zakuba. Mkazi wa mkuluyo, amene ankatsogolera amayi a Lachinayi, anabwera kudzatenga bulauzi ndi duku. Anati adzabweza tsiku limene amayi adzaimirire pamaso pa mpingo n'kunena kuti, "Ndinaba." Koma chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi ichi: chimanga chakubacho sanachibweze kwa ng'ombe ayi. Chinapita kunyumba kwa mkulu, akuti kukasungidwa. Chokhala chodetsedwa paguwa, m'mphika mwawo chinayera bwanji?

Ndinawachonderera amayi kuti angonena liwu limodzilo, zithe. Anakana. Anati kunama m'nyumba ya Mulungu kuti apatsidwe bulauzi, ndiye kuti bulauziyo adzaivala ndi nkhope iti. Anapitirizabe kupita kutchalitchi, n'kumakhala pabenchi ya kumbuyo, pokhala anthu a chilango. Lachinayi anzawo akamadutsa atayera mbee, amayi ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Sekuru uja amayi sanasiye kumudyetsa mpaka tsiku limene iye anamwalira, ndipo akuluakulu onse aja palibe ndi mmodzi yemwe anamubweretserapo mbale ya ufa.

Chaka chotsatira amayi anayamba chifuwa, sanachedwe. Mmawa wa maliro ndinapita kwa mkulu uja, ndinagwada pakhomo pake, ine mayi wa ana akuluakulu, kupempha bulauzi. Anandilandira bwino, anandipepesa, kenako anati, "Mlongo wanga, lamulo silinaikidwe ndi ine. Sanalape."

Tinawaveka chitenje ndi diresi la maluwa. Amayi a Lachinayi anabwera osavala zoyera, anaimba akuyang'ana pansi. Kumanda analalikira ndi mkulu yemweyo. Anati malemuwa anali mayi wopatsa, wokumbukira amasiye ndi okalamba, ndipo tonse titengere chitsanzo m'nyengo yovutayi. Anthu ena mpaka anavomera kuti ameni. Ndikanapanda kugwiridwa ndi achemwali anga, tsiku limenelo ndikanalankhula zoti anthu akanandinyamula.

Ndinayesa kupirira, Mulungu ndi mboni. Ndinapitabe kutchalitchi miyezi ingapo, ndikudziuza kuti ndimapembedza Mulungu osati kapitawo. Kenako linafika tsiku loveka amayi atsopano m'gulu la Lachinayi. Pakati pawo panali mpongozi wa mkulu uja, mtsikana wabwinobwino amene sanandilakwirepo. Atakweza manja poimba, ndinaona chigamba pakhwapa la bulauzi yake, chosokedwa ndi ulusi wotuwa chifukwa woyera unasowa. Chigambacho ndinasoka ndine, amayi maso atayamba kuwavuta.

Ndinatenga ana anga, tinatuluka nyimbo isanathe.