Bambo wina m'foni ya aneba

Lero mwana wanga waimba kuchokera ku Joni, mawu ake akumveka ngati ali pakhonde pompano, koma tasowa chokamba. Ndakumbuka foni yozunguza ndi chala ya aneba athu ku Kambuzuma, kudziko la eni kumene tinkakhala ndili mwana. Bambo anga ankaimbira pamenepo kusitolo ya kwawo ku Dedza, ine nditagunditsa khutu patsaya lawo. Inkasokosera ngati mvula pamalata, ndipo nthawi zina mawu ankabwerera.

Tsiku lina anafuula kuti, "Amayi ali bwanji?" Foniyo inabwezanso kuti, "Amayi ali bwanji?" Kenaka inangoti zii.

"Bambo, enawonso akufuna amayi awo?" ndinafunsa.

"Eya, mwanangu," anayankha osandiyang'ana.

Kalata yamaliro itafika kuchokera ku Dedza, agogo, amayi awo aja, anali ataikidwa kalekale. Tsopano ndikudziwa kuti tsiku lija bambo anangodzimva okha, ndipo analibe mphamvu zondifotokozera.