Liwu limodzi, "yapita", linachotsetsa mnzanga ntchito

Inu owerenga, pali munthu amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha liwu limodzi limene ndinalemba ine, ndipo tsiku limene ankamuweruza ndinali pomwepo, kukamwa kuli pululu osanena kanthu. Lero imvi zadzaza mutu, koma nkhaniyi sinandichoke mumtima.

Sukulu ndinaiyamba ndili ndi ana kale, ya akuluakulu ija. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinali mesenjala pa ofesi ya bungwe lina lothandiza alimi pa boma la Chadiza. Tinali ndi makompyuta atatu olumikizana ndi chingwe, ndipo imodzi inkatumiza makalata ku Chipata kudzera pa waya wa foni. Wayayo ankafa kawirikawiri.

Woyang'anira makinawo anali a Zuze, amene anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Iwowa analemba kapulogalamu kakang'ono koyesera waya. Kankagogoda ku kompyuta ya ku Chipata n'kunena m'Chingerezi ngati yayankha kapena yafa. Ankakagawa ulere pa disiketi, kachimbale kosungira zinthu za pa kompyuta, ndipo aliyense ankaloledwa kukatsegula n'kukasintha. Lamulo lawo linali limodzi: wasintha, lemba dzina lako pamwamba, usinthenso nambala yake kuti kadziwike kuti n'katsopano.

A Zuze ankandiphunzitsa nthawi ya nkhomaliro. Ankandiseka kuti, "Madala, kompyuta si khasu, musaiteme choncho!" Nditayamba kuzitolera, ndinafuna kuonetsa kuti nane sukulu inandipindulira. Iwo atapita kumaliro kwawo kwa mwezi wathunthu, ndinatsegula kapulogalamu kaja n'kuika mawu ake m'Chichewa. Pofika pa mawu onena kuti kompyuta ya ku Chipata yafa, ndinafuna liwu lina. Kwathu imfa sitiitchula poyera choncho. Ndinalemba kuti "yapita". Dzina langa sindinaike. Ndinkadziuza kuti n'chipongwe kuika dzina la mesenjala pamwamba pa la mphunzitsi wake, koma zoona zake ndinkaopanso kufunsidwa.

Sabata yomweyo kalaliki wathu, mayi Phiri, analemba kalata yoitanitsa mbewu ya nshawa, mtedza uja, ya alimi a ku Zemba ndi ku Pembamoyo. Atayesa waya, makina anawauza kuti "yapita". Iwo anamva kuti kalata yapita. Tsiku lililonse akayesa, yankho linali lomwelo, ndipo alimi obwera pa njinga kudzafunsa ankauzidwa kuti adikire, galimoto ili m'njira. Mvula inagwa, anthu anabzala zina, mbewu osaoneka.

Bwana wamkulu wa bungwe atabwera kuchokera ku Chipata ananena kuti sanalandire kalata ngakhale imodzi. Anayatsa kompyuta tonse tikuona. Ndinaona liwu langa lija, pamwamba pake pali dzina la a Zuze ndi nambala yawo yakale. Kufikira mphindi imeneyo sindinaganizepo kuti liwulo lingamveke mwina.

A Zuze anali atangobwerera kumene. Analiyang'ana liwulo nthawi yaitali, kenaka anandiyang'ana ine kamodzi kokha, n'kutsitsa maso. Wina kumbuyo anati, "Obwerawa Chichewa sachidziwa, bwanji kulimbana nacho?" Ine sindinaulule kuti liwulo ndinalemba ndine. Bwana anawachotsa ntchito a Zuze tsiku lomwelo.

Patapita milungu iwiri a Zuze anandipeza pamsika, katundu ali kale pa njinga, akubwerera kwawo. Anandipatsa disiketi n'kunena kuti, "Madala, kapatseni mayi Phiri, ndakonza." Ku ofesi nditaitsegula ndinapeza nambala yatsopano, Chichewa changa chonse chili momwemo, kupatula liwu limodzi. Pamene panali "yapita" analembapo "yafa". Pansi pa dzina lawo anaikapo langa, ndi mawu akuti ndine womasulira. Ndinakhala pansi pa simenti, mayi Phiri n'kumandifunsa ngati ndadwala. Munthu amene ndinamuphera ntchito ndiye anandilembera dzina limene ine ndinaopa kulemba. Sindinawaonenso, ndipo kupepesa kwanga kulibe kokafikira.

Inu amene mumasintha zopanga anzanu n'kuzigawira ena, ndikukupemphani: yesani kaye pa munthu wina musanazitulutse, mumve mmene iye akuziwerengera. Ikani dzina lanu pa chimene mwagwira, kuti cholakwa chikabwera chidziwe khomo lake. Ndipo ulemu usakupusitseni monga unandipusitsira ine. Chinthu chikafa, nenani kuti chafa.