Matama anga a ku London analanditsa mayi makuponi a feteleza

Inu owerenga, ine ndinagonetsa mayi anga ndi njala chifukwa cha matama, ndipo ndinadzamvera kwa munthu wina zinthu zitaipa kale.

Ndinabwera kuno ku London boma la kwathu litangoyamba kupereka makuponi ogulira feteleza motchipa. Mayi anga, omwe bambo anawasiya kalekale ku Ntchisi, ankalandira nawo, ndipo chaka choyambacho nkhokwe inadzaza. Ine kuno ndinkagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba ku Woolwich, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwasintha matewera. Chipinda chimodzi tinkagonamo atatu.

Koma ndikaimba kumudzi ndinkanena zina. Mayi analibe foni, ndiye ndinkaimbira pa ya mwini golosale, ndikudziwa kuti anthu aunjikana akumvetsera. Ndinkati ndine nesi wamkulu pachipatala. Ndinafika pojambulitsa nditatsamira galimoto ya mwini nyumba, chithunzicho n'kutumiza. Chonsecho lendi ndi mabilu zikadya malipiro, kumudzi ndinkatumizako kangachepe, mwinanso miyezi kudutsa osatumiza.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ku Peckham, Anaphiri, nesi wochokera kwathu komweko amene anali atangobwerako kuholide kumudzi, anandikokera pambali podikirira basi.

"Achemwali, amayi anu mwalankhula nawo liti? Ine ndawapeza akupalira m'munda wa eni, paganyu. Mmene aondera, poyamba sindinawazindikire."

Ndinaseka, ndikuti awasokoneza ndi munthu wina. Anaphiri sanaseke. Anandiuza kuti komiti yogawa makuponi inawachotsa mayi zaka ziwiri zapitazo, ati makuponi ndi a osauka, osati a munthu amene mwana wake akuyendetsa galimoto ku Ulaya. Chimanga chosathira feteleza chinangobereka timapwata. Theka la munda mayi anabwereketsa kwa wina kuti apeze chakudya.

Basi yanga inabwera n'kupita, ine ndili chiimire.

Nditawapeza mayi pafoni, ndinawafunsa ndikulira chifukwa chomwe anandibisira.

"Ndikanatani mwanawe?" anatero. "Kupita kukomiti kukanena kuti ndilibe kanthu kukanakhala kukuyesa wabodza pamaso pa mudzi wonse."

Ndinafunsa ngati ankadziwa kuti ndinkanama.

"Ndinakubala ndine. Mawu ako ndimawadziwa ukakhuta, ndimawadziwanso ukatopa."

Abale anga, mawu amenewo anandilasa kuposa mkondo. Mayi anasankha kulima m'minda ya eni kuti ine ndisachite manyazi, ine ndili kuno kudzitcha bwana.

Ndinapempha mwini golosale kuti aitane wapampando wa komitiyo, ndipo ndinaulula ntchito yanga yeniyeni. Anandimvera chisoni, koma anati malo a mayi anapatsidwa kale kwa wina. Chaka chimenecho feteleza ndinagula pamtengo wake wonse, pogwira mashifiti oonjezera mpaka msana unayamba kundivuta. Theka la munda lija linatenga zaka kuti libwerere, ndipo thupi la mayi silinabwererenso mwakale.

Inu muli kunja kuno, musamakometse moyo wanu poimba kumudzi. Amene akumvetsera si makolo anu okha, ndipo bodza lanu amalilipira ndi makolowo. Komanso mayi akati "tili bwino", musakhutire msanga. Funsani ngati chimanga m'nkhokwe chilimo, ndipo mufunsenso munthu wina amene wawaona ndi maso.